Ziwiya za tiyi pa zithunzi zakale za ku Japan: ankazijambuliranji popanda munthu?

Nabanda:
Ndinaona pa intaneti kachithunzi kakale ka ku Japan kodindidwa ndi matabwa ogoba, ndipo sikakuchoka m'maganizo mwanga. Pali ketulo yachitsulo, bakuli lakuda ndi kampukutso ka nsungwi kotakasira tiyi, koma palibe munthu ngakhale mmodzi, ndipo pamwamba pali malembo opindikapindika. Ine ndinazolowera zithunzi za mafunde ndi phiri la Fuji za Hokusai, wojambula wotchuka wa ku Japan, choncho ndikupempha odziwa andiunikire: ndani ankagula chithunzi cha ziwiya zokhazokha?

A Mbewe:
Mayi Nabanda, chimene mwaonacho chiyenera kukhala surimono, ndipo zoterezi sizinkagulitsidwa pamsika ayi. Magulu a alakatuli a ndakatulo zanthabwala zotchedwa kyōka, makamaka mumzinda wa Edo umene lero ndi Tokyo, ankalipira wojambula kuti awakonzere makope owerengeka oti azipatsana pa chaka chatsopano. Malembo mwaonawo ndi ndakatulo zawozo. Mwambowu unafika pachimake kuyambira cha m'ma 1790 mpaka cha m'ma 1830, ndipo mwa akatswiri ake munali Kubo Shunman, amene anamwalira mu 1820, ndi Totoya Hokkei, wophunzira wa Hokusai.

Kusowa kwa munthu kusakudabwitseni. Pa mwambo wa tiyi, umene katswiri wa tiyi Sen no Rikyū anaukhazikitsa bwino asanamwalire mu 1591, mlendo amanyamula bakuli ndi manja awiri, kulitembenuza, kuliyang'anitsitsa, kenako n'kufunsa amene analiumba, moti mabakuli ena otchuka ali ndi mayina awoawo. Chiwiya ndicho chimaulula mtima wa mwininyumba. Komanso msonkhano woyamba wa tiyi m'chaka umatchedwa hatsugama, kutanthauza ketulo yoyamba, kotero wolandira chithunzicho ankangoona ketulo n'kudziwiratu kuti akumufunira chaka chabwino.

Nangozo:
Zikomo a Mbewe. Ine ndinaonapo zina ndi maso ku Chester Beatty, nyumba yosungiramo mabuku ndi zinthu zakale mumzinda wa Dublin ku Ireland, ndipo kompyuta imabisa zambiri. Pepala lake ndi laling'ono, pafupifupi masentimita 21 m'litali ndi 18 m'lifupi, koma ndi lochindikala ndi lofewa. Nditapendeketsa mutu pang'ono ndinaona mizere yotukuka yopanda utoto uliwonse, imene wodinda anaitulutsa pokanikiza pepala pa thabwa louma, luso limene amalitcha karazuri, ndipo malo ena ankanyezimira chifukwa cha ufa wa mkuwa. Zinapangidwa kuti munthu azigwire m'manja n'kumazitembenuza pa kuwala, monga mmene mlendo amachitira ndi bakuli lija. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali.

A Mbewe:
Mwanena zoona, mayi. Ndiwonjezere chenjezo kwa Mayi Nabanda ngati angafune kugula: cha m'ma 1890 osindikiza ena anagoba matabwa atsopano potengera surimono zakale n'kumagulitsa kwa alendo ochokera kunja, ndipo makope amenewo ndi ofanana kwambiri ndi enieni. Musalipire musanafunse za pepala lake ndi manja amene chithunzicho chadutsamo.