Helemeti yotsegula kuchibwano: ndigule yodula ija kapena ndikhalebe ndi full face?

Wofunsa, wa ku Randburg

Akuluakulu a m'gulu muno, ndikupempha nzeru kwa inu amene munavalapo helemeti ya modular, ija yoti mbali ya kuchibwano imakwezeka m'mwamba. Ndimakhala ku Joni kuno ndipo ntchito yanga ndi yoperekera anthu zakudya ndi katundu pa njinga yamoto. Disembala ikubwerayi ndikufuna kupita kumudzi pa njinga yanga ina yokulirapo, kudzera pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka kukalowa pa Mwanza. Ndi makilomita opitirira 1,700 kukafika ku Blantyre.

Chikundivuta ndi chakuti ndimavala magalasi a maso. Ndikafika pa geti la estate alonda amafuna aone nkhope, ndiye ndiyambe ndavula magalasi, ndivule helemeti, ndivalenso magalasi kuti ndione polemba dzina, kenako zonsezo ndibwereze potuluka. Pofika madzulo kuseri kwa makutu kumakhala kukuwawa.

Ndayang'ana zitatu: Shoei Neotec 3, Schuberth C5 ndi HJC RPHA 91. Ziwiri zoyambazo mtengo wake ukuyandikira ndalama zomwe ndimapeza mwezi wathunthu, pomwe kumudzi ana akudikira fizi ya Januwale. Palinso wina pa Facebook akugulitsa yogwiritsidwapo kale ntchito pa theka la mtengo, akuti sinagwepo pansi.

Ndiuzeni zoona abale anga. Mbali ya kuchibwano ija siitseguka munthu ukagwa? Khosi silitopa pa ulendo wautali? Nanga phokoso la mphepo? Mantha anga ndi akuti ndingawononge ndalama zambiri pa chinthu chongosangalatsa m'maso, chomwe chimateteza moperewera kuyerekeza ndi full face yomwe ndili nayo kale, ija yotseka nkhope yonse yoti chibwano sichikwezeka.

Achimwene a ku Leeds

Achimwene, ine ndimavala magalasi ngati inu ndipo ndili ndi Neotec. Pa nkhani ya magalasiyo ndinganene mosakayika kuti moyo unapepuka. Mukakweza chibwano mumavala helemeti magalasi ali kumaso, ndipo pothira mafuta kapena polankhula ndi munthu simuvula kanthu.

Koma funso lanu lalikulu ndi la kutseguka, ndiye ndifotokoze bwino. Kuno ku UK boma lili ndi pulogalamu yotchedwa SHARP yomwe inayamba mu 2007. Amagula mahelemeti m'masitolo ngati munthu wamba, n'kuwamenyetsa, kenako n'kupereka nyenyezi kuyambira imodzi mpaka zisanu. Kwa ma modular amalembanso kuti pa kumenyetsa konseko chibwano chinakhalabe chokhoma kangati pa 100. Ena amapeza 100, ena amatsika kwambiri, ndipo si nthawi zonse pomwe yodula imaposa yotchipa. Tsamba lawo ndi laulere. Lembanipo dzina la helemeti iliyonse yomwe mukuiganizira, ngati anaiyesa kale muona nokha.

China, yang'anani kansalu kosokeredwa pa lamba. Pamakhala chilembo E ndi nambala m'kati mwa kabwalo, kenako nambala yaitali yoyamba ndi 05 kapena 06. Ya 06 ndiye muyezo watsopano wa ku Ulaya wotchedwa ECE 22.06, womwe amamenyetsa helemeti malo ambiri kuposa kale, komanso mopendekeka kuti aone mmene mutu umapotokolera, poti kupotokola kumeneko ndi komwe kumavulaza ubongo kwambiri. Patsogolo pake pali P, J kapena P/J. P ndiye kuti chibwano chinayesedwa ndipo chimateteza. J ndiye yosatseka kumaso. P/J ndiye kuti inavomerezedwa mbali zonse ziwiri, ndipo ili ndi kotsekera koti chibwano chikakwezedwa chisagwere kumaso mukuyenda. Zitatu zomwe mwatchulazo zonse ndi za 22.06 komanso P/J.

Mnyamata wa kabaza, Area 25

Bwana, ife kuno ku Lilongwe tikungowerenga tili kukamwa yasaa. Zomwe timavala ndi za pamsika, zina zopepuka moti ukazifinya ndi manja zimapindika. Makasitomala ambiri amakana n'kuvala komwe, amayi amati iwononga tsitsi, ena amati ikununkha thukuta la anthu ena. Funso langa ndi lakuti, yanga ili ndi chomata cholembedwa DOT kumbuyo, kodi chimenecho chikutanthauza kuti ndi yabwino?

Achimwene a ku Leeds

Mphwanga, DOT ndi muyezo wa ku America, ndipo kumeneko kampani imadzitsimikizira yokha kuti yatsata muyezowo n'kumata chizindikiro. Vuto lina ndi lakuti chomata aliyense atha kusindikiza. Chotsani kansalu kam'kati muone. Helemeti yeniyeni imakhala ndi chinthu choyera chokhuthala ngati chomwe amatchingira wailesi yakanema m'katoni, koma cholimbirapo. Mukapeza kasiponji kofewa kokha, dziwani kuti imeneyo ikukutetezani ku dzuwa ndi kwa apolisi basi. Siinu nokha, ambiri kumudziko alibe kwina kogula, ndipo zimandimvetsa chisoni.

Mayi namwino, Blantyre

Ine njinga yamoto sindiyendetsa, koma ndagwira ntchito m'chipinda cha ovulala pa ngozi, ndiye mundilole ndiikepo mawu. Anyamata ambiri omwe timawalandira amabwera nsagwada itathyoka, mano atatha, lilime litang'ambika. Munthu wotere amatha milungu ingapo nsagwada zitamangidwa ndi waya, akumwa phala lamadzimadzi lokha. Kafukufuku wa Dietmar Otte wa ku Hannover ku Germany anaonetsa kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a malo omwe helemeti imagunda pa ngozi ndi cha kuchibwano. Ndiye bambo, mukagula yotsegulayo, chonde musayende chibwano chili m'mwamba ngakhale pepala likuloleza. Yotsegulayo ndi yoti mukaima.

Chinanso chomwe chimandiwawa ndi lamba. Timamva kawirikawiri kuti helemeti inapezeka kutsidya kwa msewu, mwini wake mutu uli pamtunda, chifukwa sanamange. Kafukufuku wa 2008 wa Cochrane, bungwe lounika za umoyo, anapeza kuti helemeti imachepetsa imfa ndi pafupifupi 42 pa 100 ndipo kuvulala kwa mutu ndi 69 pa 100, koma imeneyo ndi helemeti yomwe yakhalabe pamutu.

Wa ma delivery, Bellville

Ine ndisiyane pang'ono ndi anzangawa. Ntchito yathu ndi imodzi, ndipo ndinavalapo modular, dzina la kampani ndisatchule. Zinthu ziwiri zinandibweza. Choyamba ndi kulemera. Ma modular ambiri amakhala pakati pa 1.6 ndi 1.8 kg, pomwe full face yabwino imakhala cha m'ma 1.4 kapena 1.5. Papepala kusiyanako kumaoneka kochepa, koma ife timatembenuza mutu tsiku lonse, kuyang'ana matakisi, kuyang'ana foni, kuyang'ana nambala za nyumba. Madzulo khosi limadziwa.

Chachiwiri, munthu woyenda Loweruka lokha amatsegula chibwano mwa apo ndi apo. Ife timatsegula pa geti lililonse. Yanga inafika poyamba kukhoma mbali imodzi yokha, ina osagwira, ndipo ndinkazindikira pokhapokha ndikakankha ndi dzanja. Kuyambira pamenepo mtima sunakhalenso m'malo.

Komanso muganizire za akuba. Helemeti yodula simungaisiye pa njinga polowa mu mall kukatenga oda, muziyenda nayo m'manja paliponse. Malangizo anga: ya ntchito gulani ya mtengo wapakati yokhala ndi 22.06, ndalama yotsalayo mugule jekete yokhala ndi zotetezera msana, magolovesi ndi nsapato zokwirira akakolo. Ndaona anthu ali ndi helemeti ya mtengo wapatali atavala ma slippers.

Achimwene a ku Leeds

Za kukankha ndi dzanja zija mwanena zoona, ndipo aliyense wa modular azichita. Mukatseka, mverani kulira kwa loko mbali zonse ziwiri, kenako kankhirani m'mwamba osagwira batani. Koma apa mpomwe ndalama imaonekera. Zodulazi zokhomera zake ndi zachitsulo, ndipo galasi, masiponji a m'masaya ndi tizigawo tina zimagulitsidwa pazokha. Yotchipa ikathyoka kanthu kamodzi mwataya yonse.

Bambo wa ku Mwanza, woyenda msewu wa Tete

Msewu umenewo ndimaudziwa, ndauyenda pa njinga yamoto nyengo zosiyanasiyana. Mwana wanga, mvetserani. Ku Tete kumatentha zoti munthu wa ku Joni sangamvetse, nthawi zina kupitirira madigiri 40, ndipo mukayandikira mtsinje wa Zambezi mphepo yomwe imakuombani ndi yotentha. Pamenepo mtima udzakuuzani kuti kwezani chibwano mupume. Musamvere. Chibwano chokwezedwa chimakola mphepo n'kumakokera mutu kumbuyo, ndiponso m'msewumo muli mbuzi, ng'ombe, maenje ndi magalimoto akuluakulu omwe amaponya timiyala. Tsegulani tizibowo tolowetsa mphepo, galasi mulisiye potseguka pang'ono, ndipo muziima pafupipafupi.

Pomwe modular imandikomera ine ndi poima. Pa boda mumakhala pamzere nthawi yaitali, pa rodibuloko wapolisi amafuna aone nkhope ifanane ndi ya pa pasipoti, ndipo mukakweza chibwano n'kumupatsa moni akukuonani, nkhani imayenda mwaulemu. Kumwa madzi nakonso sikuvuta, ndiye mumamwa kawirikawiri. Ambiri amafooka pamsewuwu chifukwa cha ulesi wovula helemeti kuti amwe.

Sankhani yoyera kapena yowala, osati yakuda. Disembala ndi nthawi ya mvula, ndiye onetsetsani kuti m'bokosi muli Pinlock, kagalasi kachiwiri koika m'kati kuti galasi lisachite nthunzi. Kadzakuthandizaninso m'mawa wa Juni ku Joni komweko. Fumbi likalowa mopindikira chibwano, tsukani ndi madzi ofunda ndi kamswachi, musathiremo mafuta a injini. Ndipo chonde, dzuwa likalowa pezani pogona. Galasi lakuda lotchinga dzuwa lomwe limakhala m'kati mwa helemeti ndi la masana okha.

Za phokoso, musayembekezere zodabwitsa. A Schuberth amati C5 imapereka ma decibel 85 (muyezo wa phokoso) pa liwiro la makilomita 100 pa ola, ndipo imadziwika kuti ndi imodzi mwa zachete. Komabe modular iliyonse ili ndi mpata pomwe zigawo ziwiri zimakumana, ndiponso phokoso limadalira galasi lakutsogolo kwa njinga yanu ndi kutalika kwanu. Gulani zotsekera m'makutu, ndi zotchipa. Hutala mudzaimvabe, koma simudzafika makutu akulira.

Makaniko wa njinga zamoto, Germiston

Palibe wayankha za ya pa Facebook ija. Isiyeni. Choyera cham'kati chija chimagwira ntchito kamodzi: chikagundidwa chimafinyika ndipo sichibwereranso, pomwe kunja utoto uli gwa ngati yatsopano. Wogulitsa akhoza kunena zoona kuti iye sanagwe nayo, nanga amene anamugulitsa iyeyo? Opanga ambiri amalangiza kusintha helemeti ikatha zaka zisanu ikugwira ntchito, ndiye ngati yatha kale zitatu, theka la mtengolo si kutchipa. Komanso masiponji ake anaumbika kale potengera mutu wa munthu wina. Ndikuonjezereninso kuti ziliko zabodza zolembedwa mayina akuluakulu. Gulani m'sitolo yodziwika, mutenge risiti.

Ngati mukufuna yoti muziyenda nayo yotsegula m'misewu ya m'kati mwa estate, onaninso za mtundu wa LS2 Advant, zomwe chibwano chimazungulira mpaka kumbuyo kwa mutu m'malo moima pamphumi.

Wofunsa, wa ku Randburg

Zikomo kwambiri nonse, makamaka amayi anamwino, mawu anu andikhudza. Ya pa Facebook ndaisiya. Lero ndinapita ku sitolo. Anandiyeza mutu ndi tepi pamwamba pa nsidze, ndi masentimita 58, ndiye saizi M. Anandiuza ndikhale nayo iliyonse kwa kanthawi ndithu ndisanavule. Imodzi mwa zodulazo, yomwe mtima unali pamenepo, inayamba kundifinya pamphumi mpaka kusiya chidindo chofiira. Inayo pamphumi ili bwinobwino ndipo magalasi akulowa mosavuta, koma m'masaya ikundipana moti polankhula ndikudziluma. Wogulitsa akuti ndi mmene iyenera kukhalira ndipo imasuka yokha. Nditavala L ndinamva bwino, koma ndikagwedeza mutu imatsalira pang'ono. Nditenge iti pamenepa?

Achimwene a ku Leeds

L ayi, achimwene. Ngati ikutsalira lero ili yatsopano, pofika Disembala idzakhala ikuzungulira. Ya pamphumi ija nayonso isiyeni, malo amenewo ndi olimba ndipo samasuka, pa ulendo wautali mutu udzawawa musanafike ndi pa Polokwane pomwe. Ya m'masayayo ndiye yanu. Masiponji a m'masaya amafewa mukaivala milungu ingapo, ndipo ngati kudziluma kukupitirira alipo opyapyala omwe amagulitsidwa padera, afunseni musanalipire ngati angakusinthireni. Muyesenso ichi muli m'sitolomo: mangani lamba moti zala ziwiri zokha zilowe, weramitsani mutu, wina agwire helemeti kumbuyo n'kuyesa kuikokera kutsogolo. Ikavuka, musagule. Ndipo muigule msanga kuti muyambe kuivala ku ntchito, isakhale yachilendo pamutu tsiku lonyamuka.