Chimbudzi chogejemula chang'aluka, ndigule chotani?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pani ya chimbudzi cha m'nyumba yang'aluka m'munsi, ndipo sisiteni yake (kathanki kogejemulira) ndi yachikale ija yopachika payokha pakhoma, yolumikiza ndi paipi yopindika. Ndikufuna kusintha zonse. Nyumba ili ku Area 25, tilimo anthu 6, madzi a Water Board amayamba alowa m'thanki ya pa sitandi ya mamita 4, ndipo zonyansa zimapita ku sepitiki thanki. Ndiyang'ane chiyani ku hadiweya?

Pulambala wa ku Kawale: Achimwene, musanapite ku hadiweya tengani tepi muyeze. Onani kumene paipi ya zonyansa ikulowera. Ngati ikulowa m'khoma, mukufunika pani ya P-trap, ndipo muyeze kuchokera pansi kufika pakati pa paipiyo. Mapani ambiri amatulukira pa mamilimita pafupifupi 180. Ngati ikulowa pansi, ndi S-trap, muyeze kuchokera kukhoma kufika pakati pa bowo.

Muyezo wachiwiriwu ndiwo umavutitsa anthu osintha chimbudzi chonga chanucho. Pani ya sisiteni yopachika nthawi zambiri imakhala motalikirako ndi khoma, ndiye mukaikapo close-coupled, ija sisiteni imakhala pamwamba pa pani, kumbuyo kumatsala mpata. Sisiteni yopanda chotsamira imagwedezeka, mapeto ake labala wa pakati pa sisiteni ndi pani amayamba kuchucha. Kusiyana kukakhala kochepa, pan connector ya offset (cholumikizira pani ndi paipi chokhotako pang'ono) imakonza. Kukakhala kwakukulu, gulaninso ya sisiteni yopachika kapena vomerani kuswa simenti n'kusuntha paipi ya 110 mm. Connector yamakwinya yokokeka ija ndi ya pamene palibiretu njira ina, chifukwa zonyansa zimakodwa m'makwinyamo.

Wofunsa: Zikomo bambo. Ikulowa m'khoma, ndapeza 185.

Pulambala wa ku Kawale: Ndiye zili bwino. P-trap wamba ndi connector yowongoka zikwana.

Mayi wogulitsa za m'bafa: Bambo, nkhani ya thankiyo musaiiwale. Mita iliyonse ya kutalika kwa thanki imapereka mphamvu ya madzi ya pafupifupi 0.1 bar, ndiye madzi anu akufika ndi mphamvu yosapitirira 0.4 bar kwenikweni. Mavavu ambiri odzazira sisiteni amabwera okonzera madzi amphamvu, ndipo pa thanki amadzaza mwapang'onopang'ono zedi. Funsani vavu ya low pressure, kapena yomwe kapulasitiki kochepetsa madzi kamachotseka. Onaninso kuti madzi akulowera m'mbali kapena pansi pa sisiteni, kumanja kapena kumanzere, kuti zigwirizane ndi paipi yanu ya 15 mm.

Pani muiyese muli m'sitolo momwemo. Igogodeni ndi chala: yabwino imalira ngati belu, ya mng'alu wobisika imalira mogontha. Pisani dzanja m'khosi mwake, ngati muli mokhakhala mopanda utoto wosalala uja, isiyeni, idzagwira zonyansa. Ikhazikeni pamalo osalala muone ngati ikutenguka. Chivundikiro chikhale cha mawonekedwe wamba, mabowo ake otalikirana mamilimita pafupifupi 155. Zamakona anayi zija n'zokongola, koma chivundikiro chikathyoka mudzazungulira tawuni yonse.

Mmisiri wa zomangamanga, Zomba: Pa nyumba ya anthu 6 ya sepitiki thanki, tengani ya mabatani awiri, malita 6 ndi malita 3. Tiyerekeze kuti aliyense amagejemula ka 5 patsiku. Sisiteni yakale ya malita 9 imamwa malita 270, pomwe yatsopano, kamodzi batani lalikulu n'kanayi laling'ono, imamwa 108. Dzenje lomwetsa madzi limapumako, makamaka nthawi ya mvula. Koma pani ndi sisiteni mugule za gulu limodzi, ndipo paipi yopita kunja ikhale yotsetsereka mamilimita 25 pa mita iliyonse. Ikakhala yogona kwambiri, madzi ochepawo sakankha zonyansa mpaka kukafika.

Pulambala wa ku Kawale: Za malita sindikutsutsa, koma mabatani ali ndi vuto lake. Vavu yake imatseka ndi labala wa pansi, ndipo madzi akabwera ndi mchenga atasiya kwa kanthawi, kamchenga kamodzi kokha kamachititsa kuti madzi azitsikira m'pani usiku wonse. Ya chigwiriro yokhala ndi siphon sitaya madzi motero, ikatha imangokana kugejemula, ndipo chosintha ndi kapulasitiki kopyapyala kotchipa. Ngati mwakonda mabatani, gulirenitu labala wapadera, ndipo mufunse ngati zam'kati zake zonse zimagulitsidwa pazokha. Akakuuzani kuti mpaka muitanitse kunja, tulukani.

Mayi wogulitsa za m'bafa: Zoona. Kuti mudziwe ngati ikutaya, thirani utoto wa chakudya m'sisiteni, mudikire mphindi 30 osagejemula. Utoto ukaoneka m'pani, labala sakutseka.

Mmisiri wa zomangamanga, Zomba: Poika, musalole kuti pani adzaze simenti yolimba kunsi kwake. Simenti ndi dongo lootcha sizifutukuka mofanana, ndipo ming'alu ya m'munsi ngati yanuyo kawirikawiri imayambira pamenepo. Amange ndi masikulu awiri a brass kapena stainless steel okhala ndi mawashala apulasitiki, azungulize silicone, koma kumbuyo asiyeko kampata kuti ikamadontha muzione. Mabawuti a sisiteni amangidwe mosinthanasinthana, pang'onopang'ono, chifukwa kukhwimitsa mbali imodzi kumaswa sisiteni. Aikenso angle valve (kavavu kotsekera madzi) pa paipi yolowetsa madzi, ndipo asanalumikize atsegule madziwo m'ndowa kuti mchenga ndi dzimbiri zituluke. Akamaliza agejemule kangapo mutayala pepala louma pansi pa connector kuti muone ngati ikudontha, kenako chimbudzicho chisagwiritsidwe ntchito maola 24 kuti silicone aume.