Za funso langa lija la Malamulo Khumi

Mwezi watha ndinafunsa kuti, ngati timapulumuka mwa chisomo monga akunenera Aefeso 2:8, nanga Malamulo Khumi tikuwasungiranji? Zikomo nonse amene munayankha. Ndabweranso kuti ndikuuzeni pomwe ndafika.

Nkhaniyi ndinapita nayo kumlaga kwathu ku Chinamwali. Mayi wina wachikulire wa Mvano anangoti, "Mwanangu, tawerenga Eksodo 20 kuyambira vesi 2, usathamangire vesi 3." Pamenepo Mulungu akuyamba ndi kukumbutsa Aisraeli kuti anawatulutsa kale mu ukapolo ku Iguputo. Kumasulidwa kunayamba, malamulo n'kubwera pambuyo paphiri la Sinai. Ndiye kuti sanali ogulira chipulumutso, koma ophunzitsa anthu omasulidwa kukhala bwino ndi Mulungu komanso anzawo, zomwe Yesu anamanga pamodzi pa Mateyu 22:37-40.

Amene munatchula Aroma 3:20, kuti lamulo limatizindikiritsa tchimo, ndikugwirizana nanu.

Koma chandikhudza kwambiri ndi Deuteronomo 5:14. Pa Sabata apumule mwana wako, wantchito wako, mlendo, ngakhale ng'ombe ndi bulu! Ndikuganiza za atsikana antchito m'makomo muno mu Zomba, amene pa tsiku lopembedza amatsala akuchapa mulu wa zovala, manja atatuwa ndi sopo, abwana atanyamula Baibulo ulendo wa kutchalitchi. Lamuloli linaikidwa kuti liwateteze iwowo, ndipo zimandiwawa kuti sitilalikira zimenezi.

Za Loweruka ndi Lamulungu, zomwe abale a Seventh-day Adventist munadzutsa, abusa athu alonjeza kudzatiphunzitsa sabata yamawa.