Ndani anafikako ku Pilgrim's Rest? Ndikufuna kupitako ndi bambo anga

Abale anga a pagulu pano, makamaka inu a ku Mpumalanga, ndithandizeni maganizo.

Mwezi wamawa bambo anga akubwera kuno ku Joni kudzationa. Iwowa anagwira ntchito m'migodi ya golide nthawi ya Wenela. Anabwerera kumudzi mu 1974, chaka chija ndege yonyamula anthu athu inagwa ku Francistown, boma n'kuletsa zotumiza anthu kumigodi. Chichokereni sanapondenso dziko lino.

Tikufuna kuwatengera ku Graskop pa galimoto, akaone God's Window ndi Blyde River Canyon. Koma ine mtima wanga uli pa Pilgrim's Rest, katauni kaja anapezako golide mu 1873. Migodi yake yakale inatsekedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, koma nyumba zamalata zija anazisunga mmene zinalili, ndipo alendo amawaonetsa kasefedwe ka golide. Ndikufuna adzukulu amve nkhani za kumgodi kuchokera pakamwa pa agogo awo, ali pamalo pomwe pali zida zake.

Vuto ndi mawondo a mdala, sayenda mtunda wautali. Kodi n'kotheka? Tidzere njira iti? Nanga za ma zama zama (anthu okumba golide mozemba) zimene ndikumvazi, tikhale nazo mantha?

Mayankho

Mayi wa ku Mbombela: Pitani achimwene, n'kokongola. Tengani N4, mupatukire ku Dullstroom mpaka Lydenburg. Pamenepo musankhe: Long Tom Pass kudzera ku Sabie, kapena R533 yodutsa pa Robbers Pass. Zonse n'zokhotakhota, chifunga chimagwa mwadzidzidzi, ndiye usiku ayi. Tauni ya Pilgrim's Rest ili pawiri, kumtunda ndi kumunsi. Musawayendetse pansi bambowo, muziwasuntha pa galimoto. Kumanda, komwe kuli manda a wakuba wina oyang'ana mbali yosiyana ndi ena onse, n'kokwera, akhoza kukusiya.

Bambo wa ku Germiston: Ine ndinene mosabisa. Golide wa ku Pilgrim's Rest anayamba ndi wa mumtsinje, anthu ndi mafosholo ndi mbale zosefera. Bambo anu ngati anali ku migodi ya kuno, ankatsika ndi kheji (chikepe cha mumgodi) pansi penipeni, m'kutentha ndi m'fumbi. Zimenezo zili ku Gold Reef City, pa mgodi wakale wa Crown Mines, pakhomo panu pomwe. Komanso mbiri imene amafotokoza kwambiri ku Pilgrim's Rest ndi ya azungu okumba ndi mabwana awo. Ya anthu akuda amene ananyamula miyalayo mudzachita kuifunsa.

Mnyamata wa ku Sabie: Ma zama zama aliko ndithu, kumapiri ndi m'migodi yosiyidwa. Inu khalani m'tauni, muyende masana, musalowe m'maenje akale ngakhale wina akuitaneni.

Mayi wina: Koma mwawafunsa eni akewo? Amalume anga anabwera ndi chifuwa cha kumgodi, ndipo nkhani ya ku Joni sankafuna n'komwe kuimva. Ena anasiya anzawo pansipo.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Amayi, funso lanulo ndi lalikulu. Bambo amakonda kukamba za ku komponi ndi za anzawo a ku Mozambique, koma za pansi amangodumpha. Ndiwaimbira madzulo ano, asankhe okha ngati akufuna kutsikanso mumgodi kapena kungoona zida zili panja. A ku Mbombela, tikagone ku Royal Hotel komweko kapena ku Graskop kuli bwino kwa munthu wamkulu?