Tebulo lodulira nyama lang'aluka, ndalakwitsa pati?

Wa ku Mchesi: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. M'mwezi wa Malichi ndinapangira mwini butchala wina tebulo lodulirapo nyama, lija amati butcher block. Ndinacheka mlombwa timabuloko ta 5 cm mbali zonse, kutalika 10 cm, n'kutiimika chilili kuti kumutu kwa mtengo kuyang'ane kumwamba, n'kumata ndi guluu woyera. Pamwamba ndinapaka vanishi, pansi ndinamanga ndi masikuluu pa felemu yachitsulo. Lero, Seputembala asanathe n'komwe, wandiimbira kuti pali ming'alu itatu, wina mpeni ukulowa. Akufuna ndalama zake.

Madala a ku Ndirande: Matabwawo munagula liti, ndipo anakhala nthawi yaitali bwanji pashedi?

Wa ku Mchesi: Febuluwale, madala. Milungu itatu. Wogulitsa anati ngouma.

Madala a ku Ndirande: Palibe wogulitsa amene amati matabwa ake ngaawisi, achimwene. Mwagula nthawi yamvula, mtengo uli ndi madzi, ndiye chilimwechi ukuuma n'kumanyala. Mtengo sunyala m'litali, umanyala m'mimba mwake. Inu mwaimika timabuloko, ndiye tebulo lonse likufuna kuchepa uku ndi uku, koma chitsulo chakana chifukwa mwachimanga zolimba. Likanatani? Mwayi wanu ndi woti munasankha mlombwa, mtengo wosavutavuta. Akanakhala bulugamu bwenzi pano tikukamba za nkhuni.

Wa ku Johannesburg: Madala anena zoona. Kuno mlombwawo amautcha kiaat, ndipo kumene ndimagwira ntchito ya makhitchini sitimata thabwa tisanayeze chinyezi. Chikapitirira 12 peresenti timadikira. Ngati mulibe mita yoyezera chinyezi, dulani kachidutswa muzikayeza pasikelo mlungu uliwonse. Kakamapepukabe ndiye kuti sikanaume. China, mabowo a masikuluu pa felemupo azikhala ataliatali, osati obulungira, muikeko mawashala kuti thabwa lizitha kusuntha.

Koma vanishiyo ndi imene yandidabwitsa. Pa nyama? Mpeni ukaidula, tizidutswa timapita m'chakudya, madzi amalowa m'mabalamo n'kutsekeredwa. Komanso mwapaka pamwamba pokha, pansi simunapake, ndiye mbali ziwirizi sizikuuma mofanana.

Wa ku Mzuzu: Ine ndimangopaka mafuta ophikira, zimawala bwino.

Wa ku Johannesburg: Ayi bwana, amenewo pakapita nthawi amasasa n'kuyamba kununkha. Gulani liquid paraffin wa kufamase, uja anthu amamwa akadzimbidwa. Osati palafini wa nyale chonde! Pakani mbali zonse zisanu ndi imodzi mpaka mtengo usiye kumwa, kenako musungunule phula la njuchi pang'ono m'mafuta omwewo mupakenso pamwamba.

Wa ku Mchesi: Ndamva. Nanga ming'aluyo ndingotseka ndi utuchi wosakaniza ndi guluu?

Madala a ku Ndirande: Pa mpando kapena kabati inde, pa nyama ayi. Zimenezo zidzagumuka, magazi azikhala m'menemo, ntchentche ndi fungo osasimba. Limasuleni pachitsulopo mubwere nalo ku shedi, likhale pamthunzi milungu ingapo mphepo izipita pansi. Kenako chekani motsata mng'alu uliwonse, mupale mbali ziwirizo zigwirane popanda mpata, mumatenso ndi guluu wosaopa madzi, wolembedwa D3 kapena D4, makilampu pamwamba ndi pansi. Vanishi yense achoke ndi sandipepa. Musayerekeze kulilowetsa m'makina opalira, kumutu kwa mtengo kumathetheka ndipo chidutswa chikhoza kukulasani.

Wa ku Mzuzu: Mumufunsenso mwini butchalayo kuti tebulolo amatsuka bwanji. Anyamata a m'butchala amakonda kungokhuthula ndowa n'kusiya madzi agone pamenepo.

Wa ku Mchesi: Ndamufunsa. Akuti ndowa ziwiri madzulo aliwonse, komanso amadulirapo mafupa ndi chikwanje.

Madala a ku Ndirande: Mafupa apezere chitsa chake. Patebulopo azipala ndi chitsulo, apukute ndi nsalu yasopo, awazepo mchere, m'mawa asese. Ndalama musabweze, muuzeni mukonza ulere koma mafuta agule yekha.

Wa ku Mchesi: Zikomo akuluakulu. Mawa ndikalitenga. Alipo amene angandibwereke makilampu aatali awiri?