Chigongono cha mwana wogwa mumtengo wa mango: kafupa aka kali pamalo pake?

Chikondi: Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndibwerekeni maso. Mnyamata wa zaka 9, wabwera pa kabaza kuchokera cha ku Jali. Wagwa mumtengo wa mango dzulo madzulo, anafikira dzanja lamanzere. Agogo ake akuti chigongono chinaguluka, amalume ake n'kukoka mpaka chinabwerera. Lero chatupa, sakutha kuwongola mkono, kupinda akulekezera panjira. Pulse ilipo, zala n'zofunda. X-ray ndi iyo, pepani filimu ndaigwirizira pawindo n'kujambula ndi foni, kuno magetsi athima. Ine sindikuona pothyoka. Ndimati ndimuike backslab, chikhakha cha mbali imodzi yokha ya mkono, azipita, abwerenso sabata yamawa.

Sister Nachisale: Nyengo ya mango yafikadi. Ife wodi ya ana yadzaza ndi zikhakha, maboloma asanapse n'komwe.

Yamikani: Achimwene, mwana akagwa chonchi ine ndimayamba ndaganiza supracondylar, kuthyoka kwa humerus (fupa la mkono wakumtunda) pamwamba penipeni pa chigongono. Mwajambula mzere wa kutsogolo kwa humerus pa chithunzi cha m'mbali? Uzidutsa pakati pa capitellum, kafupa kozungulira ka kunsonga kwa humerus mbali ya kunja.

Chikondi: Ndajambula, ukudutsa bwinobwino. Radius, fupa la mkono wakumunsi la mbali ya chala chachikulu, nayenso waloza capitellum. Mafuta a kumbuyo kwa mfundo akuoneka kuti atukuka, chizindikiro cha magazi m'kati, koma paja chinaguluka, magazi sangalephere kukhalamo.

Bambo Mbewe (OCO, clinical officer wa mafupa): Chikondi, mwanayo asachoke kaye. Kulitsani chithunzi cha kutsogolocho. Pakati pa humerus ndi ulna (fupa la mkono wakumunsi la mbali ya kachala kakang'ono), mbali ya m'kati, pali kafupa kozungulira ngati njere ya nzama. Mwakaona?

Chikondi: Ndakaona bwana. Ndimayesa ndi trochlea, nsonga ya humerus yokumana ndi ulna ija, pa msinkhu wakewu ikhoza kukhala itayamba kuoneka.

Bambo Mbewe (OCO): Ikhozadi. Ndiye mundionetse medial epicondyle, kafupa kotumphuka pa humerus mbali ya m'kati mwa chigongono. Ili kuti?

Chikondi: Iii. Palibe. Pambali pa humerus m'poyera.

Bambo Mbewe (OCO): Nkhani yagona pamenepo. Chigongono cha mwana si cha munthu wamkulu chochepetsedwa ayi. Mbali yaikulu ya nsonga za mafupa ikadali yanthete, X-ray siyiona. Timafupa tolimba timatulukira mmenemo kamodzikamodzi, tilipo 6, ndipo timabwera motsatana monga tinaloweza kusukulu, CRITOE: capitellum pa chaka chimodzi, mutu wa radius pa zaka 3, epicondyle ya m'kati pa 5, trochlea pa 7, olecranon (nsonga ya chigongono) pa 9, epicondyle ya kunja pa 11. Zakazo musazigwire ngati lamulo, atsikana amafulumira, anyamata amachedwerapo, ndipo trochlea nthawi zambiri imadzaoneka mochedwa kuposa 7 ameneyo. Chodalirika ndi ndondomeko yake. I, epicondyle ya m'kati, amabwera T, trochlea, asanabwere. Mukaona chinthu chofanana ndi trochlea koma epicondyle kulibe pamalo pake, muyambe mwaganiza kuti chimenecho ndiye epicondyle yomweyo, yasochera.

Komanso yang'anani maonekedwe. Trochlea ikamayamba imaoneka yonyenyekanyenyeka, ngati tizidutswa ta chigumu. Akaka n'kosalala, kozungulira, kamodzi.

Yamikani: Koma madala, kalowa bwanji m'kati mwa mfundo?

Bambo Mbewe (OCO): Pa kafupa kameneka m'pamene pamagwira minofu yopinda dzanja ndi zala, komanso mtsempha wolimba womanga chigongono mbali ya m'kati. Kafupako sikanalumikizane ndi humerus, kamamatirira pa fupa lanthete, ndipo ndi komaliza kulumikizana pachigongono ponse, mwana atapyola zaka 15. Ndiye akagwa mkono uli wowongoka, chigongono n'kupindikira kunja, minofu ija imakazula. Mfundo ikaguluka imatseguka mbali ya m'kati, kafupa kamagweramo. Amalume pokoka paja atseka chitseko kali m'kati. N'chifukwa chake mkono ukukana kuwongoka, pali chotsekereza, si ululu wokha. Amalumewo sindiwadzudzula kwenikweni, ngakhale kuchipatala kafupaka kamatha kutsekeredwa pobwezeretsa. Ine ndinaphonyapo kamodzi ndili wachinyamata, mtsikanayo anabwera patatha miyezi iwiri chigongono chitauma gwa. Mpaka lero ndikagwira filimu ya mwana ndimawerenga timafupa mokweza ngati wa sitandade 1.

Tadala (physio): Achimwene a Chikondi, mwati pulse ilipo, nanga ulnar nerve? Imadutsa kuseri kwa kafupa komweko, paja munthu ukagunditsa chigongono patebulo dzanzi limathamangira ku kachala kakang'ono. Mukhudzeni kachalako ndi theka la chala choyandikana nacho, atseke maso. Kenako atambasule zala, apingase chapakati pamwamba pa cha mkombaphala. Mwana wamantha musamufunse kuti "ukumva?", angovomera. Muuzeni atchule chala chimene mwakhudza.

Chikondi: Ndayesa achemwali. Zala zina akutchula bwino. Kakang'onoko akuti kakuchita nyerere, ndipo kupingasa akulephera, dzanja lamanja akupingasa mosavuta. Nerve zinazo zikuoneka zili bwino: chilembo cha O ndi chala chachikulu ndi cha mkombaphala akupanga, dzanja akudzutsa.

Tadala (physio): Zimenezo mulembe m'kalata momwe mwazipezera, ndi nthawi yake. Akamuona opaleshoni itatha adziwe kuti dzanzi linalipo kale.

Bambo Mbewe (OCO): Magetsi akayaka jambulani chigongono chamanja, muike mafilimu awiri pamodzi. Koma musadikire magetsi kuti mumutumize. Kafupa kotsekeredwa m'mfundo, kuonjezapo nerve, ameneyu ndi wa ku theatre, akakatulutse n'kukabwezera pamalo pake ndi waya kapena sikuluwu. Musayese kukokanso. Backslab ya pamwamba pa chigongono, mkono mmene wamasukira, osaukakamiza kupyola madigiri 90, bandeji yosathina, zala zizionekera. Chikhakha chozungulira mkono wonse pa chotupa chonchi ayi. Panado mupatseni, asadye kanthu kuyambira pano, alunjike ku Zomba Central.

Sister Nachisale: Ndipo agogowo muwafotokozere bwino. Akangomva zoti "sipanathyoke" ija munanena poyamba, akatsikira pa Matawale n'kubwerera kumudzi.

Chikondi: Zoonadi sister, ndinawauzadi choncho m'mawa. Ndakhala nawo pansi, ndawaonetsa kafupako pawindo pomwe paja, agwira pakamwa. Magetsi ayaka, lamanja ndajambula: epicondyle ili pamalo pake, trochlea sinayambe n'komwe kuoneka. Mafilimu onse awiri ndawaika mu envulopu. Ambulansi yapita kukatenga mayi woyembekezera, ikangobwera akwera.

Bambo Mbewe (OCO): Lembani nambala yanu pa envulopupo, amene akamulandire akuyimbireni.