Kufutsa bowa wa m'thengo kuti afike chilimwe

Nabanda: Akuluakulu, bowa wachuluka m'mbali mwa msewu wa M1, makamaka cha ku Dedza ndi Ntcheu. Ndikufuna kufutsako woti adzafike chilimwe. Kodi mitundu yonse imafutsika? Nanga n'chifukwa chiyani wina amachita nkhungu, wina n'kuuma gwa osafewanso pophika?

Gogo wa ku Linthipe: Si yonse, mwanawe. Manyame, aja ofiira kapena achikasu, ndi chipindi amafutsika bwino chifukwa mnofu wake ndi wolimba. Utale naye amatheka bola mum'dule mopyapyala. Ndelema ndi wamadzi kwambiri, akangogona tsiku limodzi wayamba kale kuterera, ndiye ameneyo phikani n'kudya osafutsa.

Musam'viike m'madzi potsuka, amamwa madzi n'kuchedwa kuuma. Dulani kutsinde komwe kuli dothi, palani zinyalala ndi mpeni, kenako ng'ambani zidutswa zosaposa chala kunenepa. Chidutswa chomwe chili ndi tinjira ta mphutsi tayani, chifukwa mphutsizo zimapitiriza kudya ali padzuwa pomwepo. Wiritsani madzi malita 2 ndi supuni yaikulu imodzi ya mchere, ponyanimo bowayo kwa mphindi 3 mpaka 5 basi. Chipindi ali ndi kuwawa kwake, madzi ake oyamba muwataye ndithu. Tsanulirani pa lichero akhe madzi, ndipo yanikani pamphasa pamwamba pa thandala, osati pansi, zidutswa zisasanjikizane.

Nkhungu imabwera chifukwa bowa amamera pakati pa dzinja, Disembala mpaka Malichi, pomwe dzuwa ndi losadalirika. Pamafunika masiku 3 kapena 4 a dzuwa lenileni. Kukachita mvumbi, m'pachikeni pamwamba pa moto kukhitchini, utsi umathandizanso kuthamangitsa tizilombo. Wauma akamathyoka, akamapindika ndiye kuti sanathe. Ndowa yodzaza isakunyengeni, bowa ndi madzi okhaokha, amatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake. Sungani m'chikwatu cha masamba a msuku. M'jumbo amachita thukuta n'kuvunda.

Achimwene Phiri: Agogo anena zoona. Za kuuma gwa zija, vuto nthawi zambiri limakhala pophika. Tengani bowa wofutsa manja awiri, m'viikeni m'madzi ofunda kwa theka la ola, ndipo m'vuuleni ndi dzanja kuti mchenga utsale pansi. Wiritsani ndi mchere mpaka afewe, mwina mphindi 30. Akakanika, thirani chidulo pang'ono kapena soda wapansonga pa supuni yaing'ono. Mukapyoza muyeso ndiwo zimaterera ndipo fungo la bowa limatheratu.

Tomato alowe bowa atafewa kale, awiri akwana.  Nsinjiro theka la kapu muwaze pamwamba, vundikirani mphindi 5 osavundula, kenako takasani ndi mthiko. Chepetsani moto ziphike mphindi zina 10. 

Namwino wa kumudzi: Mayi Nabanda, chenjezo langa ndi ili: kuwiritsa kapena kufutsa sikuchotsa poizoni wa bowa wakupha. Komanso zoti bowa wodyedwa ndi tizilombo ndi wabwino kwa munthu si zoona.

Amene amavulaza anthu kawirikawiri ndi woyera wofanana ndi utale, womera pakapinga ndi pafupi ndi makola, amene kunsi kwa chipewa chake kumasanduka kobiriwira akakula. Utale weniweni amamera pomwe pali chiswe ndipo ali ndi muzu wautali wolowa pansi, ndiye pozula kumbani muuone. Manyame ndi ndelema amamera pansi pa mitengo yachilengedwe monga mombo ndi msuku, mizu yake imadalirana ndi bowayo. N'chifukwa chake salimika, ndipo komwe mitengoyi yathera makala nayenso wasowa. Wa m'nkhalango za paini ndi bulugamu musiyeni, kuphatikizapo wofiira wa madontho oyera uja.

Poizoni wina amayamba kuoneka patapita maola 6 mpaka 24, ndipo wodwala amatha kuoneka ngati wachira pomwe chiwindi chikuwonongeka. Wina akayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba, onse amene adya nawo apite kuchipatala, atenge ndi bowa wotsalayo.

Nabanda: Zikomo nonse. Nanga bowa wofutsafutsa wogulitsidwa pamsika ndingam'dziwe bwanji?

Gogo wa ku Linthipe: Akauma onse amafanana, mwanawe. Gulani wamuwisi, wathunthu ndi tsinde lake, mtundu umodzi pa mulu, mufutse nokha.